Tsiku limodzi pamtunda: mafunso ndi mayankho kwa oyenda pa boti la matanga

Mafunso ali m'munsiwa amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa anthu amene ali pa ulendo wa boti la matanga ndipo apatula tsiku loti akaone mzinda wa m'mbali mwa nyanja. Ena mwa ofunsawa ndi okwera chabe, ena ndi amene boti lili m'manja mwawo. Mayankho ake akukhudza onse, chifukwa amene watsala ndi nkhawa ya boti sasangalala ndi mzinda, ndipo akapanda kusangalala iyeyo gulu lonse limamva.

Kodi tsiku limodzi limakwana kuona mzinda?

Silikwana kuona mzinda wonse, ndipo musayese n'komwe. Limakwana kuona mbali yakale ya mzindawo, imene kawirikawiri imakhala pafupi ndi doko popeza ndi pamene mzinda unayambira. Valletta, likulu la dziko la Malta, kukula kwake sikufika ngakhale sikweya kilomita imodzi, moti munthu amaudutsa wapansi kuchokera pachipata mpaka kunsonga kwake pasanathe theka la ola. Malinga ozungulira mzinda wakale wa Dubrovnik, ku Croatia, ndi otalika mamita pafupifupi 1,940, ndipo kuyenda pamwamba pake mosathamanga kumatenga maola ngati 2. Koma Lisbon, Marseille kapena Cape Town ndi nkhani ina. Kumeneko mumasankha dera limodzi, enawo n'kuwasiyira ulendo wina.

Dziwaninso kuti tsiku la munthu wa pa boti ndi lalifupi kuposa la mlendo wogona ku hotela. Mukachotsapo nthawi ya mapepala, yotseka boti, yopita kumtunda ndi yobwerera kusanade, mumatsala ndi maola 6 kapena 7. Malo awiri kapena atatu oonedwa modekha amaposa mndandanda wa malo 10 oonedwa mothamanga. Paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tikangokocheza, tingatsike n'kuyamba kuyenda?

Ngati mwachokera ku doko lina la dziko lomwelo, inde, mukangomaliza za ku ofesi ya doko. Ngati mwachokera dziko lina, ayi. Boti lochokera kunja liyenera kuyamba lafika pa doko lovomerezeka kulandira alendo, osati paliponse pamene pakukomerani. Mukalowa m'madzi a dzikolo mumakweza mbendera yachikasu, imene pa zizindikiro za panyanja imaimira chilembo cha Q. Imanena kuti m'boti mulibe matenda ndipo mukupempha chilolezo chotsika. M'mayiko ambiri amene amatsika ndi kaputeni yekha, atanyamula mapasipoti a onse, mapepala a boti, a inshuwalansi ndi mndandanda wa anthu okwera. Ena onse amadikira m'boti mpaka a zolowa ndi zotuluka komanso a kasitomu atadinda. Zikatha, yachikasu ija imatsika ndipo m'malo mwake mumakweza kambendera ka dziko limene mwafikalo, kudzanja lamanja la mlongoti, posonyeza ulemu.

Kudikira kumeneku kumatopetsa, makamaka mukumaona anthu akumwa khofi patsidya pa msewu pomwepo. Koma si mwambo wadzulodzulo. Mu 1377 akuluakulu a Ragusa, umene lero ndi Dubrovnik, analamula kuti obwera kuchokera kumadera a mliri azikhala kaye masiku 30 ku Cavtat kapena pa kachilumba ka Mrkan asanalowe mumzinda. Inu mudikira ola limodzi kapena awiri basi.

Za viza fufuzani musananyamuke kwanu, chifukwa zimatengera pasipoti ya munthu aliyense payekha. Kwa alendo ambiri olowa m'mayiko a Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya amene anthu amadutsa malire apakati pawo momasuka, lamulo ndi kukhalamo masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse, ndipo masiku ogona m'boti pa doko amawerengedwanso.

Chabwino n'chiti, kukocheza pa marina kapena kuponya nangula kunja?

Ngati cholinga n'kuona mzinda tsiku lonse, ine ndimati marina, doko lolipiritsa lokonzedwera maboti ngati lanu. Mumalipira, nthawi zina ndalama zowawa ndithu m'miyezi ya alendo ambiri, koma mumagula mtendere wa mumtima. Boti limakhala lomangidwa, pali madzi, magetsi ndi mabafa, ndipo pali anthu amene angakuimbireni zinthu zikavuta. Sungitsani malo pasadakhale, ndipo mukayandikira aitaneni pa wailesi ya VHF pa tchanelo yawo. Tchanelo 16 ndi yoitanirana mwachidule ndi ya ngozi, si yokambirana za malo ogona.

Musaganize kuti marina iliyonse ili pakhomo pa mzinda. Ya kampani ya ACI ku Dubrovnik ili ku Komolac, mkati mwa mtsinje, makilomita ngati 6 kuchokera ku mzinda wakale, choncho basi kapena takisi n'zosapeweka. Ku Marseille zinthu n'zosiyana: Vieux-Port, doko lakale la kumeneko, ili pakati penipeni pa mzinda, mukangotsika mwafika kale. Onani pa mapu musanasankhe.

Nangula ndi waulere m'malo ambiri ndipo usiku wake ndi wabata, koma amabwera ndi mafunso awiri otsatirawa, komanso la kaboti kakang'ono kopitira kumtunda.

Kodi boti lili pa nangula tingalisiye lopanda munthu?

Mungathe, ngati zinthu zitatu zili bwino: pansi pakugwira, nyengo ya tsikulo ndi yodekha, ndipo malowo ndi otetezeka ku mbali imene mphepo ikuyembekezeka kuchokera madzulo, osati imene ikuchokera panopa yokha. Chimodzi chikakayikitsa, wina atsale. Kutsala si chilango. Pafupifupi gulu lililonse limakhala ndi munthu amene angakonde kugona kapena kuwerenga buku kusiyana n'kukwera masitepe padzuwa.

Ponyani nangula pa mchenga kapena pa matope olimba. Madzi akakhala oyera, mchenga umaoneka ngati zigamba zowala pakati pa malo akuda. Malo akudawo nthawi zambiri ndi udzu wa pansi pa nyanja, umene nangula sagwiramo bwino komanso amauwononga. Ku zilumba za Balearic, ku Spain, lamulo la 2018 limaletsa kuponya nangula pa udzu wotchedwa Posidonia, ndipo pali maboti olondera. Tulutsani unyolo wotalika ka 4 kapena ka 5 kuposa kuya kwa madzi pa nthawi imene nyanja yadzaza. Ngati ndi chingwe, ka 7. Kenako ikani injini chobwerera m'mbuyo, muwonjezere mphamvu pang'onopang'ono, wina atagwira unyolo ndi dzanja kutsogolo. Unyolo ukamanjenjemera ndi kudumphadumpha, nangula akukhwekhwereka pansi. Ukauma gwa osagwedezeka, wagwira.

Musathamangire kumtunda nthawi yomweyo. Khalani theka la ola, mumwe tiyi, muyang'ane zinthu ziwiri za pamtunda zimene zaima mzere umodzi, monga mtengo ndi ngodya ya nyumba kumbuyo kwake. Zikayamba kutalikirana boti lisanatembenuke, ndiye kuti mukuyenda. Onaninso maboti oyandikana nanu: mphepo ikatembenuka, lililonse lizungulira pa nangula wake, ndipo la unyolo wautali lifika patali. Posonyeza kuti boti lili pa nangula, masana pamakhala mpira wakuda kutsogolo, usiku nyale yoyera yooneka mbali zonse. Ngati pali mwayi woti muchedwe, yatsirani nyaleyo musanachoke.

Tichite chiyani m'boti tisanatseke?

Tsekani gasi pa botolo penipeni. Tsekani matepi a mapaipi amene amaboola pansi pa boti, makamaka a kuchimbudzi, chifukwa paipi imodzi ikasomphoka madzi amalowa popanda womva. Pampu yotulutsa madzi ikhale yoti idziyatsa yokha, koma zina zonse zodya batire zimitsani kupatula firiji ndi nyale ya nangula. Zitseko za padenga zitsekeni ngakhale kumwamba kuli mbee. Mvula ya mphindi 10 imanyowetsa matiresi amene amatenga masiku kuti aume. Matanga amangeni bwino, ndipo la kutsogolo likulungidwe mpaka zingwe zake zitazungulira kangapo, chifukwa mphepo ikapeza kansonga kotseguka imalifunyulula lonse n'kuling'amba. Chotsani matawulo ndi zovala zoyanika. Pomaliza siyani nambala ya foni ku ofesi ya marina, kapena muilembe papepala n'kuimata pazenera poonekera.

Kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja kukutikhudza bwanji ife opita kumzinda?

Zimatengera nyanja yake. Ku Mediterranean madzi amakwera ndi kutsika pang'ono, m'malo ambiri osafika theka la mita, moti mukhoza kuiwalako. M'mbali mwa Atlantic simungaiwale. Ku Saint-Malo, ku France, kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumatha kupitirira mamita 12, n'chifukwa chake madamu a doko amene ali pansi pa malinga a mzindawo amalowedwa kudzera pa chipata chotsekera madzi chimene chimatsegulidwa pa nthawi zake.

M'malo ambiri nyanja imadzaza kawiri pa tsiku, motalikirana maola ngati 12 ndi mphindi 25, ndipo tsiku lililonse nthawiyo imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Kukwera ndi kutsika kumakula kwambiri mwezi ukakhala wathunthu komanso ukakhala mumdima. Kwa inu tanthauzo lake ndi ili: ngati mwamanga boti pa mlatho woyandama, palibe vuto, mlathowo umakwera ndi kutsika nalo limodzi. Ngati mwamanga pa khoma la doko, zingwe zikhale zazitali ndipo zimangidwe patali kutsogolo ndi kumbuyo, apo ayi mudzapeza boti likulendewera pa zingwe zake. Ndipo ngati muli pa nangula, werengerani kuti madzi adzatsala akuya bwanji pansi pa boti akaphweratu, inu muli m'tchalitchi kutali.

Kaboti kopitira kumtunda tikasiye pati?

Funsani. Madoko ambiri ali ndi malo ake a timaboti totere, ndipo malo ooneka opanda kanthu pakhoma nthawi zambiri amakhala a msodzi amene ali panyanja kapena a boti lonyamula anthu limene lifika posachedwa. Musatseke masitepe kapena makwerero. Mangani ndi chingwe chachitali kuti ena athe kukankha kaboti kanu n'kufika pakhoma nawonso, ndipo musadzutse injini m'mwamba, chifukwa mapiko ake amaboola timaboti ta anzanu. Loko ndi kaunyolo kopyapyala zodutsa pa injini, pa thanki ya mafuta ndi pa chitsulo cha pakhoma zimathandiza kuti wakuba apite kwina.

Pa gombe la mchenga kumbukirani za funso lapitali. Madzi akamadzaza, kakokereni pamwamba kupitirira mzere wa zinyalala ndi udzu umene mafunde anasiya. Akamaphwa, konzekerani kukanyamula mtunda wautali pa matope pobwerera. M'kabotimo muzikhala nkhafi, majekete oyandamitsa, tochi ndi chokapira madzi, ngakhale ulendo wake ukhale wa mamita 200.

N'chifukwa chiyani pansi pakuoneka ngati pakugwedezeka ndikatsika?

Thupi linazolowera kuyenda kwa boti. Ziwalo za mkati mwa khutu zimene zimatithandiza kuima bwino, pamodzi ndi ubongo, zimaphunzira kuyembekezera funde lotsatira, ndipo mukaponda pouma zimapitirizabe kuliyembekezera. Zimamveka kwambiri m'malo opanikizika monga m'bafa kapena pakati pa mashelefu a m'sitolo, komanso mukatsinzina. Kuyenda panja mukuyang'ana patali kumathandiza, monganso kumwa madzi ndi kudya. Kwa anthu ambiri zimatha pa maola ochepa kapena tsiku limodzi kapena awiri. Zikapitirira milungu, kaonaneni ndi dokotala.

Tiyambire pati kuona mzinda?

Yambirani pamene mwaima. Ili ndi funso limene ndimalikonda kwambiri, chifukwa apa ndi pamene munthu wa pa boti amaposa alendo ena onse. Mizinda ya m'mbali mwa nyanja inamangidwa moyang'ana kunyanja. Nsanja, malinga, nyumba za kasitomu, zipata zokongola, zonsezi anazimangira munthu wobwera pamadzi, kuti achite mantha kapena agome. Wobwera pa ndege kapena pa basi amalowera kuseri, kudutsa m'mafakitale ndi m'misewu ya magalimoto. Inu mwalowera kumaso, monga ankalowera amalonda ndi adani zaka mazana apitawo. Amene walowa m'doko lakale la La Rochelle, ku France, pakati pa nsanja ya Saint-Nicolas ndi ya Chaîne, pamene kale ankatchingapo ndi unyolo usiku, waona kale chinthu chachikulu cha mzindawo asanamange chingwe.

Choncho choyamba yendani m'mbali mwa doko m'mamawa. Ku Vieux-Port ya Marseille asodzi amagulitsa nsomba pakhoma la doko m'mawa, boti lili kumbuyo kwawo, nsomba zina zikuphiriphithabe m'mabeseni, mayi akupala mamba uku akukangana ndi wogula. Mzinda umenewu unayambitsidwa ndi Agiriki ochokera ku Phocaea cha m'ma 600 Yesu asanabadwe, pa doko lomwelo, ndipo msika wa nsombawo umakuuzani zambiri za moyo wake kuposa chikwangwani chilichonse.

Chachiwiri kwerani pamalo okwera pamene doko limaonekera lonse. Ku Marseille ndi pa tchalitchi cha Notre-Dame de la Garde, pamwamba pa phiri. Mukalowa, kwezani maso: kudenga kwalendewera timaboti tosema, ndipo m'makoma muli zithunzi za zombo zili pakati pa namondwe, zoperekedwa ndi anthu amene anapulumuka panyanja. Munthu amene wangochezera usiku wonse pa chiwongolero amaziona mosiyana ndi ena. Ku Valletta ndi ku Upper Barrakka Gardens, kumene Grand Harbour yonse imakhala pansi panu. Pali chikepe cha mamita 58 chochokera m'mbali mwa doko, ndipo pansi pa mundawo amaombapo mzinga 12 koloko masana, mwambo umene kale unkathandiza oyendetsa zombo kutchera mawotchi awo. Ku Dubrovnik ndi pa phiri la Srđ. Pamwamba potero mumamvetsa chifukwa chake mzinda uli pamene ulipo, mumaona njira imene munalowera, ndipo nthawi zina mumaona boti lanu, zimene zimakhazika mtima pansi.

Chachitatu sankhani nyumba imodzi yoti mulowemo ndi kukhalitsamo. Ku Valletta, mzinda umene unayamba kumangidwa mu 1566 pambuyo pa nkhondo yaikulu ya 1565, ambiri amasankha St John's Co-Cathedral. Kunja kwake n'kosadzionetsera, koma pansi pake ponse ndi miyala ya manda ya mabo amitundumitundu, ndipo m'chipinda cham'mbali muli chithunzi chachikulu cha kudulidwa mutu kwa Yohane M'batizi chimene katswiri wa ku Italy Caravaggio anajambula mu 1608. Ku Lisbon dera la Belém lili ndi zonse pamodzi: nsanja ya m'mbali mwa mtsinje wa Tagus, nyumba ya amonke ya Jerónimos momwe muli manda a Vasco da Gama, woyenda panyanja wa ku Portugal amene ananyamukira m'dera lomweli mu 1497, ndi nyumba yosungiramo zakale za panyanja. Ku Stockholm kuli chombo cha Vasa, chimene chinamira mu 1628 pa ulendo wake woyamba chisanatuluke n'komwe m'doko, n'kuvuulidwa mu 1961.

Nthawi yotsalayo ingoyendani. Lowani m'tinjira tosalembedwa m'buku, khalani pabenchi, onani mmene anthu akukhalira.

Nthawi yabwino yonyamuka ndi iti?

M'mawa kwambiri. Kumakhala kozizira, misika imakhala yamoyo, ndipo mumafika alendo a sitima zikuluzikulu asanatsike. Sitima imodzi yotere imatha kukhuthula anthu masauzande nthawi imodzi, ndipo mzinda waung'ono ngati Dubrovnik kapena Kotor umadzaza mpaka kusowa popondapo kuyambira chakum'mawa mpaka masana. Madoko ambiri amalengeza pa intaneti masiku amene sitimazi zifike. Ngati mungathe kusuntha tsiku lanu, sunthani.

Onaninso tsiku la sabata. Nyumba zambiri zosungiramo zakale ku Ulaya zimatseka Lolemba, kuphatikizapo Jerónimos ndi nsanja ya Belém. M'mayiko otentha a ku Mediterranean masitolo ang'onoang'ono ambiri amatseka masana n'kutsegulanso chakumadzulo. Matchalitchi ndi mizikiti zimakhala ndi nthawi zamapemphero zimene alendo ongodzaona saloledwa.

Tivale chiyani, ndipo tinyamule chiyani?

Nsapato zenizeni zoyendera. Za pa boti zili ndi mphira wofewa wopangidwira pamalo onyowa, ndipo pamiyala ya m'misewu yakale zimapweteka mapazi n'kutha msanga. Zimabweretsanso timiyala timene timakanda boti. Zovala zikhale zoti mungalowe nazo m'nyumba yopemphereramo, zobisa mapewa ndi mawondo. Ku St John's amaletsanso nsapato za zidendene zosongoka pofuna kuteteza miyala ya pansi ija. M'mizinda monga Stone Town ku Zanzibar kuvala modzilemekeza kumayembekezeka mumsewu momwe, osati m'mzikiti mokha. Zovala zosambira n'za pa boti ndi pagombe.

M'chikwama mukhale madzi, chipewa, mafuta oteteza ku dzuwa, chiphaso, ndalama pang'ono za dzikolo, kajekete ka madzulo ndi tochi. Ngati mukupita pa kaboti, zonse zilowe m'thumba losalowa madzi. Jambulani pa foni dzina la marina, nambala ya mlatho wanu ndi nambala yotsegulira geti.

Kodi gulu lonse liyendere limodzi?

Si lamulo, ndipo nthawi zambiri si nzeru. Anthu amene akhala mothithikana m'kachipinda koyandama kwa masiku angapo amafunika kupumana. Wina akufuna zakale, wina msika, wina kungokhala pansi pamthunzi. Asiyeni. Chofunika n'kugwirizana zinthu ziwiri musanabalalike: malo ndi nthawi yokumana, komanso nthawi yomaliza imene aliyense ayenera kukhala ali m'boti. Aliyense akhale ndi nambala ya kaputeni. Ngati kaboti ndi kamodzi, nenani momveka amene ali ndi kiyi wa loko, chifukwa palibe chokhumudwitsa ngati kuima pakhoma mukuliona boti lanu koma osatha kulifika.

Ana ndi achikulire asayende okha, ndipo tsiku lawo lifupikitsidwe. Kuwoloka doko pa boti lonyamula anthu, monga amene amachoka ku Sliema kupita ku Valletta, kumasangalatsa ana kuposa tchalitchi chachitatu.

Nanga kugula chakudya, kuchapa ndi kuthira madzi, tichite tsiku lomwelo?

Ntchito zimenezi zimadya tsiku mwakachetechete. Mukanena kuti tiyambe tachapa kenako tipite, mudzapezeka mukunyamuka dzuwa lili paliwombo. Njira yabwino n'kuzigawa: kuthira madzi, kutsuka boti ndi kutaya zinyalala zichitike madzulo a tsiku lofika, kugula zakudya zolemera kuchitike pobwerera, pa sitolo yapafupi ndi doko, mafuta a injini muthire ponyamuka. Makatoni a m'sitolo asiyeni pamtunda, chifukwa m'mapindo mwake mumabisala mazira a mphemvu, ndipo mphemvu zikalowa m'boti sizituluka mwamasewera.

Zinyalala zanu zipite m'mabini a doko, zosankhulidwa monga mmene eni ake amafunira. Za kuchimbudzi musazitulutsire m'doko. Gwiritsani ntchito thanki ya m'boti kapena zimbudzi za pamtunda.

Mphepo ikasintha tili pakati pa mzinda, titani?

Choyamba n'kusadzidzimutsidwa. Onani za nyengo m'mawa musanachoke, muonenso masana. Phunzirani mphepo ya dera limene muli, chifukwa iliyonse ili ndi khalidwe lake. Ku nyanja ya Aegean, meltemi imaomba kuchokera kumpoto m'miyezi yotentha, makamaka July ndi August, ndipo imakonda kukula masana kumwamba kuli koyera. Ku Adriatic, bora imagwa kuchokera m'mapiri a kumpoto chakum'mawa mwadzidzidzi, mwamagulumagulu. Ku Marseille ndi madera ozungulira, mistral imatsika m'chigwa cha Rhône. Ku Cape Town, mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikalimba amaimitsa ngakhale ngolo zokwerera Table Mountain. Kuwonjezera apo, pafupifupi gombe lililonse lotentha limakhala ndi mphepo yochokera kunyanja masana, chifukwa mtunda umatentha msanga kuposa madzi. Malo amene anali bata 8 koloko m'mawa akhoza kukhala ndi mafunde 3 koloko masana.

Muli mumzinda, maso azipita ku mbendera za pa nyumba, ku nsonga za mitengo ndi kunyanja mukafika pamalo okwera. Mukaona mafunde oyera mitu ali ponseponse ndipo boti lili pa nangula lopanda munthu, kaputeni ndi mnzake mmodzi abwerere nthawi yomweyo, ena atsale. Pa muyeso wa Beaufort, woyezera mphamvu ya mphepo, mphepo ya nambala 6 ndi ya liwiro la manoti 22 mpaka 27 (noti imodzi ndi makilomita pafupifupi 2 pa ola), ndipo pamenepo ulendo wa pa kaboti kodzaza anthu sulinso wamasewera. Ngati mwafika pagombe n'kupeza kuti kaboti sikangathe, musakakamize. Funsani ku ofesi ya doko ngati pali boti lalikulu lokuperekezani, ndipo otsalawo agone pamtunda. Boti lili ndi inshuwalansi.

Tingadye ndi kumwa kumzinda madzulo n'kubwerera usiku?

Ngati boti lili pa marina, palibe choletsa, kungosamala pokwera. Thabwa lolowera kumbuyo kwa boti ndi lopapatiza, usiku limanyowa ndi mame, ndipo munthu akagwera pakati pa boti ndi khoma kutuluka n'kovuta. Dziwiranitu pamene pali makwerero otulukira m'madzi.

Ngati muli pa nangula, apa ndi pamene ndimalankhula mosanyengerera. Ulendo waufupi wa pa kaboti usiku, anthu atamwa, atadzazana, opanda majekete, ndi umodzi mwa nthawi zoopsa kwambiri pa ulendo wonse, kuposa masiku ambiri a pakati pa nyanja pamene aliyense amakhala tcheru. Woyendetsa kaboti asamwe. Majekete avalidwe, osati kukhaliridwa. Chingwe chofiira chozimitsira injini chimangidwe pamwendo wa woyendetsa, kuti akagwa injini izime m'malo mozungulira n'kumutema. Tochi iyake kuti maboti ena akuoneni. Ngati anthu achuluka, pangani maulendo awiri. Ndipo usiku maboti onse amafanana, nyale zawo zimasokonezeka ndi za mumzinda, choncho ikani chizindikiro pa mapu a pa foni musanachoke kapena siyani kanyale kena kodziwika kumbuyo kwa boti.

Kodi pali ulemu wina umene eni doko amayembekezera kwa ife?

Ulipo, ndipo suvuta. Doko ndi malo a ntchito: asodzi, maboti onyamula anthu ndi sitima za katundu zili ndi nthawi zawo, ndipo mlendo ndi amene amapatuka. Musaponde maukonde oyanikidwa. Musajambule munthu pafupi osapempha. Ngati mwamanga pambali pa boti lina ndipo muyenera kudutsapo popita kumtunda, pemphani koyamba, vulani nsapato, ndipo dutsirani kutsogolo kwa mlongoti, osati kumbuyo kumene eni ake amakhala ndi kudyera. Mangani zingwe za pa mlongoti kuti zisamagogode usiku wonse. Phunzirani moni ndi zikomo m'chinenero cha kumeneko. Wa ku ofesi ya doko amene mwam'patsa moni bwino ndi amene angakuuzeni basi yoyenera ndi mphepo imene ikubwera.

Madoko ena ali ndi miyambo ya apanyanja imene mungalowemo. Ku Horta, pa zilumba za Azores, oyenda pa maboti amajambula dzina la boti lawo ndi chaka pa makoma a doko asananyamuke, moti makomawo adzaza zithunzi zamitundumitundu. Koma zimenezo n'za ku Horta. Kwina kujambula pakhoma n'kuphwanya lamulo.

Tinyamuke usiku womwewo kapena tidikire m'mawa?

Dikirani m'mawa, pokhapokha ngati nyengo kapena chipata cha doko chikukukakamizani. Tsiku loyenda wapansi padzuwa limatopetsa kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo gulu lotopa limalakwitsa zinthu zazing'ono: chingwe chotsala m'madzi n'kukulunga pa mapiko a injini, waya wa magetsi wosazula pa mlatho. Boti la matanga limayenda manoti 5 kapena 6, kutanthauza makilomita 9 mpaka 11 pa ola, choncho werengerani mtunda wa mawa kuti mukafike kukuwala, ndipo nthawi yodzuka ichokere pamenepo.

Madzulo omwewo lipirani za marina, bwezani kiyi kapena khadi ya geti ngati ofesi imatsegula mochedwa, ndipo funsani ngati unyolo wa boti lina sunapingase pa wanu. Ngati mukutuluka m'dzikolo, mubwereranso kwa a zolowa ndi zotuluka monga tafotokozera m'funso lachiwiri, ndipo m'mayiko ambiri akakudindirani zotuluka muyenera kunyamuka pa nthawi imene akupatsani, osaimanso pa gombe lina la dzikolo. Musanayatse injini, tsegulani tepi ya madzi oziziritsira injini ngati munaitseka pochoka dzulo lake, ndipo yang'anani kumbuyo kwa boti kuti madzi akutuluka pamodzi ndi utsi.